Kusankha Mzimu ku Leicester

Ndinaigula mapaundi makumi anayi
m'sitolo ya zakale pa Narborough Road,
laputopu yofufutika mabatani,
ya fungo la nyumba ya munthu wina.
Itafika kwathu inayamba kudandaula:
eni pulogalamu akuti yakalamba,
saitumiziranso mankhwala, ndigule ina.

Mtisunge, wanga wa zaka khumi ndi zitatu,
anaitembenuza, anaigogoda, anamvetsera kupuma kwake.
"Adadi, thupi lilibe vuto.
Ikungofuna mzimu wina."

Ndiye Loweruka, mvula ikuwaza pa zenera,
hita titazimitsa kuopa bilu,
tinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi majekete athu
kusankha mzimu.

Akuti mizimu yake ndi yaulere,
amailemba anthu osadziwana nkhope,
ena usiku, ataweruka ngati ine,
ndipo aliyense angatsegule boneti n'kuona injini.
Ndinaseka. M'dziko lino chaulere ndi mvula yokha.

Woyamba, Arch, anatilandira ndi mdima bii,
kamzere koyera kakuphethira pakona
kudikira kuti ndilamule
m'chinenero chomwe ku Bilila sanatiphunzitse.
Wandipatsa njerwa, akuti manga wekha.
Ine ndaweruka sikisi koloko m'mawa
nditanyamula makatoni a anthu usiku wonse,
msana womangira nyumba ina ndiutenga kuti?

Ubuntu anandikoka khutu ndi dzina,
limamveka ngati umunthu wakwathu,
ndinatsala pang'ono kumufunsa mfunda.
Koma zitseko zake anaziika cham'mbali,
ndinazungulirazungulira
ngati tsiku langa loyamba pa siteshoni ya St Margaret's,
tikiti m'manja, basi osaidziwa.
Mwana anati ndikanazolowera pofika Lachitatu.
Mwina. Sindinafune kudikira Lachitatu.

Kenako Mint, wobiriwira ngati timbewu tonunkhira,
batani lake pansi kumanzere
pomwe dzanja langa limapita lokha.
Mtima unati ndi ameneyu,
koma chikomekome cha mkuyu ndimachidziwa.
Tinamuyesa kaye ali pa fulashi,
mlendo wogona pabalaza
tisanamupatse kiyi wa nyumba.

Mayeso anga anali ochepa:
atsegule pepala la malipiro,
alembe kalata ya ku khonsolo yodandaula za nkhungu ya kubafa,
agwirizane ndi pulinta yomwe imadana ndi aliyense,
andionetse nkhope ya mlongo wanga ku Ntcheu
mawu osatsalira m'mbuyo mwa milomo.
Pulinta inatsokomola kamodzi, n'kulavula pepala.
Ndinaimirira.

Mayeso a Mtisunge anali a liwiro.
Galimoto yake yofiira inakhota pa chipale chofewa,
fani ikulira ngati njuchi m'botolo,
iye lilime panja, phewa likukhota nawo.
Masewera asanu ndi awiri analowa bwinobwino.
Achisanu ndi chitatu, omwe anzake a kusukulu amakumanako madzulo,
anakana.
Mlonda wa pachipata chake sadziwa nkhope ya mzimu watsopanowu,
akuuyesa wakuba.

Mwanayo anakhala chete nthawi yaitali.
Ine zoimitsidwa pachipata ndimazidziwa,
koma sindinanene.
Ndinangoti, tibwerere kwa akale aja?
Anapukusa mutu, maso ali pa sikirini:
"Akalewo ndi amene anatithamangitsa."

Tinadina batani lofufuta zonse.
Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa,
ketulo inawira, basi ya usiku inadutsa pansi pa zenera.
Kenako inafunsa dzina la mwini wake.
Ndinayamba kulemba langa,
iye anakankha chigongono changa,
tinakangana pang'ono,
mpaka tinalemba la mudzi womwe iye sanaupondepo.

Tsopano ndikabwera m'mawa ndimaipeza ili yofunda,
mpando utasunthidwa,
ndi kapepala pa kiyibodi:
"Musatseke, ndikutsitsa zinazake.
Kalata ya khonsolo ndakukonzerani masipelo."