Tsiku Lomata Mzikiti ku Djenné

Bondo langa lakana makwerero chaka chino,
ndiye andikhazika pamthunzi ndi madala anzanga
kuti tizilozera ndi ndodo pamene pang'aluka.
Ine Nouhoum, amene ndinkafika pansonga penipeni
n'kupukuta dzira la nthiwatiwa ndi mkono wa malaya.

Matope tinawaviika kale,
dothi la mu Bani ndi mankhusu a mpunga,
ana n'kumapondaponda mpaka anunkhe,
poti akapanda kununkha ndiye kuti sanapse.
Lero kusanache ng'oma yalira,
madengu akuthamanga pamitu ya anyamata,
atsikana ndi ndowa zamadzi mumzere wosaduka,
mzinda wonse uli mbuu,
osazindikirika msodzi ndi uti, mwini sitolo ndi uti.

Mlendo akaona mitengo ya mgwalangwa yotuluka m'khoma
amati nyumbayi yamera minga ngati nungu.
Ayi, m'popondapo pamenepo.
Omanga ankadziwa kuti mvula idzanyambita khomali,
ndi kuti ife tidzabwera pambuyo pake.

Amati woyamba unamangidwa
mfumu itagumula nyumba yake yomwe kuti ipatse Mulungu malo.
Amatinso unasiyidwa nthawi ina,
anamzeze n'kumanga zisa pamwamba pa malo ogwadira,
denga n'kugwera m'kati pang'onopang'ono.
Uwu tikuumatawu wangopitirira zaka zana,
koma dothi lake silidziwa kuti linasinthidwa.

M'kati mizati yathithikana, munthu suona mzere wakutsogolo.
Pansi mchenga wozizira.
Kuwala kumatsika pa timabowo ta padenga
timene timavundikira ndi mbale zadothi mitambo ikada,
ndipo mawu a imamu amayenda mokhotakhota
asanakupeze pamene waima.

Kukhoma la kumpoto, pansi pa mtengo wachisanu kuchokera pakona,
bambo anga anasiya chikhatho chawo
chaka chimene anamwalira,
zala zinayi, chachisanu chinadyedwa ndi njerwa ali mwana.
Mvula inachisiya chikuonekabe.
Chaka chotsatira ndinachikwirira ndine,
ndi matope odzaza dzanja, osauza munthu.

Pano waimapo ndi mdzukulu wanga Hamadoun,
mwendo umodzi pamtengo, wina m'malere,
akupaka mothamanga, maso ali kwa anyamata a dera lina
kuopa kuti angamalize iwo poyamba.
Ndakuwa kuti, “Salaza bwino pamenepo, iwe!”
Ng'oma yameza mawu anga.
Wapakapo, wakwera kale pamwamba.