Zisanu ndi Ziwiri

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikugwada
pa simenti ya sukulu zamkaka ku Mbare.
M'chikwama muli zitsekerero za mabotolo, kope,
ndi wotchi yoyezera kachetechete
amene amadutsa mwana asanayankhe.

Lero ndi Ruvarashe, wa zaka zinayi,
nsapato wavala mosemphanitsa.
Ndandandalika zitsekerero mizere iwiri.
Wavomera kuti n'zofanana.
Ndatambasula mzere umodzi iye akupenya.
Zambiri ndi izi, akutero, kuloza wautaliwo,
nandiyang'ana ngati wandigwira ndikuba.

M'kope ndilemba kuti sanafike.
Koma dzulo lomweli pa Musika
analira mpaka kugubuduka m'fumbi
chifukwa mlongo wake anamupunja siwiti imodzi yokha.
Imodziyo anaiona bwanji?

Kumtunda ku Mount Pleasant inenso amandiwerenga:
mapepala angati chaka chino,
ndalama zingati zochokera kunja.
Fomu yawo ilibe mzere wolembapo
tsiku limene mnyamata wina anazindikira
kuti manambala alibe polekezera,
nagwira mwendo wa tebulo ngati wamva chizungulire.

Chaka chija ndalama zinafufuma ngati mtanda,
ana ankatchula mabiliyoni pogula buledi
asanadziwe chobwera pambuyo pa zinayi.
Ndinalemba pepala lalitali.
Analiwerenga anthu ochepa moti n'kukwana m'kombi imodzi
hwindi n'kumaitanabe ena.

Bambo anga, telala wa ku Mufakose,
anabwera kuno pa sitima ndi makina ndi chinenero.
Ankandiwerengetsa mabatani madzulo.
Anzanga kusukulu ankati nomwe, liwu limodzi, basi.
Iwo ankati zisanu ndi ziwiri,
dzanja lathunthu, kenaka kukabwereka kwa linzake.
Sindinadziwe kuti nthawi yonseyo
ndinkaphatikiza ndisanaphunzire kuphatikiza.
Anamwalira akuuza anthu kuti mwana wawo ndi dokotala,
osatchula za zitsekererozo.

Ruvarashe watopa nane.
Wasonkhanitsa zonse pamulu, wakhalira,
akuti tsopano palibe.
Kenaka wapisa dzanja pansi pa diresi,
watulutsa chimodzi, chinanso,
akugunda chilichonse ndi chala, milomo ikuyenda.
Pa chachinayi wadumpha, waima, wabwerera.
Palibe wamuuza.

Wotchi ikuyendabe m'dzanja langa.
Ndaiwala kuiimitsa.
Mawondo akuwawa, kombi yanga yapita,
ndipo ndikuopa kupuma mokweza
kuti angasokonezeke.