Dzimbiri Limayambira M'kati

Ndinaigula ili pa njerwa zinayi,
kuseri kwa sitolo yotsekedwa ku Moatize,
nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala.
Kale inali yofiira. Ndinaipeza yotuwa ngati chidendene m'chilimwe,
yaifupi, yamphuno yaitali,
denga lake lansalu makoswe atagawana.
Zefa anawerenga ana athu ndi chala, asanu,
anawerenganso mipando, iwiri,
nalowa m'nyumba osanena kanthu.

Ndimayamba kusanache,
chifukwa dzuwa la kuno likafika paliwombo
sipanala imaluma ngati chinkhanira.
Ndimagogoda ndi kanyundo, khutu pafupi.
Chitsulo chamoyo chimayankha kuti ngwee.
Chodwala chimangoti phu, ngati dzungu lowola.

Pansi pa chitseko chakumanzere penti inatuluka matuza.
Ndinaboola limodzi, chala chinapitirira.
Munthu wina, ine ndisanamere ndevu,
anatsendera nyuzipepala m'bowomo,
namata pamwamba, napaka penti, nagulitsa.
Ndinalitambasula pepalalo pa bondo:
Chipwitikizi chachikasu, mitengo ya shuga,
ndi theka la nkhope ya mkwatibwi.
Bodza lake linapirira zaka makumi anayi.
Ndinamuvulira chipewa pang'ono
ndisanamutukwane.

Dzimbiri silinyengereredwa.
Ukadula pomwe maso alekezera, wasiya ana ake.
Umadula mpaka chitsulo chiwale,
n'kupitirirabe chala chimodzi, ngakhale mtima ukane.
Chigamba ndinasema ku filiji yakufa ya a Kalisito,
ndinachipindira pa chidutswa cha njanji,
nyundo ikulira mpaka agalu a mtaunimu anatopa kuuwa.

Kuwotcherera kumafuna ulemu.
Kadontho apa, kadontho uko, udikire pazizire,
apo ayi lata limakwinyika ngati chikopa choyanika.
Magetsi akathima ndimakhala pa tayala
n'kumadya masau,
nthanga ndikulavulira m'chitini cha mabawuti.
Ndaziona, wachitatu wanga, ndiye amagwira tochi.
Anaphunzira kutembenuza nkhope moto usanathetheke.
Dzana anapeza yekha bowo limene ine ndinalumpha,
pansi pa batire, pomwe asidi ankadontha mwakachetechete.
Sanandiseke. Anangolizunguliza ndi choko.

Sitima ya malasha ikadutsa
fumbi limatera pa penti yaiwisi,
lakuda, losalala ngati ufa wosefa.
Ndalipuma fumbi limenelo zaka makumi awiri ndi zitatu.
Mwezi watha dokotala ku Tete
anakweza chithunzi cha chifuwa changa pa zenera,
nagogoda ndi cholembera pa kamtambo koyera,
kugogoda kwanga komwe kuja.
Sindinamufunse ngati wamva ngwee kapena phu.
Ndinalipira, ndinakwera basi,
ndinatsikira pogula sandipepa.

Pepala la dokotala ndinalibisa m'bokosi la zida,
pansi pa mafayilo.
Lachitatu ndinalipeza lapindidwa mwina.
Usiku womwewo kunja kunali kuwala,
ndinasuzumira: Zefa, nyali ili pa boneti,
akuyeza denga ndi chingwe cha zovala,
mapini ali kukamwa,
tenti yakale ya lole ili m'khwapa.
Anati, "Musayime pamenepo, gwirani mbali iyo."
Ndinagwira.

Injini sindinaikhudzebe.
Mwina siilira chaka chino.
A Kalisito amati ndikukonza bokosi lamaliro lamatayala,
koma Loweruka lililonse amabwera ndi mpando wawo.
Ine ndimangoona mlatho wa Zambezi m'mawa,
malole atafola ngati ng'ombe padibi,
kagalimoto kofiira kakudutsa pakati pawo,
Zefa atagwira duku ndi dzanja limodzi.
Woyendetsayo sindimamuona bwino.
Nthawi zina ndi ine.
Nthawi zina ali ndi choko kuseri kwa khutu.

Lero chitseko chakumanzere chatseka ndi mawu amodzi.
Ndachitsegula, ndachitsekanso, kasanu,
kungofuna kumva.
Chakumanja chili ndi matuza atatu.
Mawa, kusanache.