Homuweki ya pa Bwalo la ku Kawale

Lachisanu a Chadzunda anajambula munthu pabolodi,
wopanda nkhope, wa pamimba potsegula,
nati: "Dziko ndi thupi ngati ili.
Sukulu ndi chiwindi, khothi ndi impso,
banja ndiwo mtima wopopa magazi.
Palibe chiwalo chongokhala.
Lolemba mudzandiuze: mpira ndi chiwalo chanji?"

Ndiye Lamulungu ndabwera ndi kope langa
kuno ku Kawale, pabwalo lopanda kapinga,
pomwe Yotamu wajambula mizere ndi phulusa la kubekale,
ukonde wa pagolo ndi maneti awiri a udzudzu
olumikiza ndi waya.

Ndalemba: mpira umaphunzitsa kumvera malamulo.
Woyimba wezulo ndi a Fikisoni, telala wa pakhonde ku Malangalanga,
amene mkati mwa sabata amakalipiridwa ndi aliyense
pa nkhani ya zipi yokhota.
Lero akweza kakhadi kofiira,
ndipo chimphona chosenza matumba a feteleza ku Kanengo
chikutuluka chowerama
ngati mwana wopezeka ndi shuga m'milomo.

Ndalemba: mpira umagwirizanitsa anthu.
Chigoli chalowa, fumbi kobo!
Wapolisi wa pamlatho uja wakumbatirana ndi kondakitala
amene dzana anamulanda makiyi a minibasi.
Akulumpha pamodzi, chipewa chagwa, palibe wachitola.
Mawa mmamawa akakumananso pamlatho pomwepo,
wina atatambasula dzanja,
wina atapinda kapepala m'chikhatho.
Izi ndizilembe pansi pa mutu uti, a Chadzunda?

Ndalemba: mpira umaziziritsa mtima.
Mnyamata wa digiri,
wa zaka zinayi akukwera Kapitolo Hilu ndi envulopu yofiirira m'khwapa,
watukwana wokweza mbendera mpaka mawu kusasa.
Apita kwawo atapepukidwa, akagona tulo.
Ofesi imene inataya kalata yake
nayonso igona tulo tofa nato.
Cholembera changa chaima pamenepa.
Ndi mankhwala kodi,
kapena ndi panado woti wodwala asafunse za chotupa?

Mayi Nachuma agulitsa mafilizesi makumi anayi,
Lustenzia alipira ya mayeso mawa.
Kuseri kwa golo Zakeyu akung'amba katikiti ka betingi:
ya lendi yapita ndi penate ya kutsidya kwa nyanja
imene sanaione n'komwe.
Thupi lomweli, magazi omwewa.

Atsikana a ntchemberembaye akhala pamthunzi wa mpanda
chiyambire thu koloko, nsapato m'manja.
Pabwalo pawo paimikidwa magalimoto a alendo olemekezeka.
Chiwalo ichi pabolodi panalibe.

Wezulo womaliza.
Dzuwa lapendekera ku Likuni.
A Fikisoni abwerera kukhala telala asanafike n'kumsewu komwe,
wina wawafunsa kale za thalauza lake.
Yotamu akumasula maneti mosamala,
usiku uno agonamo ana ake.

A Chadzunda, chiwindi sindinachipeze, impso ayi.
Ngati n'kofunikadi kutchula chiwalo, lembani mmero:
pomwe pamatulukira mfuu ya anthu chikwi ngati ya munthu mmodzi,
pomwe pamatsikiranso zimene tameza osatafuna.

Pepani, tsamba lachitatu ladetsedwa.
Chigoli chija chitalowa, kope ndinaliponya m'mwamba ndine,
wina n'kulipondapo ndi patapata.
Amene ndinamukumbatira sindikumudziwa dzina,
ankanunkha thukuta ndi utsi wa chiwaya,
ndipo kwa kamphindi kameneko ndinakukhulupirirani.

Mukandiitana Lolemba kuti ndiwerenge mokweza,
mawu ndilibe.