Lipenga Lidikire

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo
ndinagulitsa njinga yamoto
n'kukagula dzino ku Cochabamba.
Anaboola nsagwada, anakhomamo chitsulo
monga akhomera zitsulo m'thanthwe la mumgodi,
lipenga langa n'kupezanso potsamira.

Chaka chino, tikuyeserera nyimbo za kanivo
mu mphepo yathu ya ku Oruro, yobaya ngati singano,
ndinalavula malovu a mtundu wa dzimbiri.
Fermín wa ng'oma yaikulu anaona, sananene kanthu.
Anangosendera uko,
kuthawa mpweya wa m'kamwa mwanga.

Sichinkapweteka ayi. N'chimene chinandipusitsa.
Chiswe sichiodira pakhomo.

Dokotala Nélida Ayaviri anatembenuza kompyuta kuti ndione.
"Bambo Eusebio, ili ndi fupa, ichi n'chitsulo chanu.
Mdima uwu pakati pawo sunalipo kale.
Fupa likuthawa."
Timizere tinayi ta chitsulo tinali pambalambanda,
ngati mizu ya mtengo m'mbali mwa chigwembe.
"Mumasuta?"
Ndinati, "Pamaliro pokha."
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Amadziwa kuti gulu lathu limaimba maliro atatu pa sabata.

Lachiwiri m'mawa, jakisoni.
Mlomo umene wandidyetsa zaka makumi anayi
unasanduka wa munthu wina,
chinyama cholemera chondipachikika kumaso.
Anacheka nkhama, n'kuzipinda
ngati akutsegula kalata yomwe inakhalitsa m'thumba.
Zolembedwamo sindinazione,
koma mtsikana wogwira kapaipi koyamwa malovu
anasiya kung'ung'udza nyimbo yake.

Kenako kupala.
Khwe, khwe, khwe.
Sindinamve ndi makutu, ndinamva ndi chigaza.
Ine munthu wa nyimbo, ndinayamba kuwerenga:
zitatu, kupuma, zitatu, kupuma.
Mayiyu akanakhala woimba, sakanaphonya.
Anachotsa mnofu wovunda,
anakwecha chitsulo mzere ndi mzere,
pobisala tizilombo tosaoneka,
anatsuka ndi madzi amchere mpaka ndinazizidwa m'khosi.
M'dzenjemo anathiramo timibulu toyera.
"Fupa la ng'ombe, loyeretsedwa," anatero,
"kuti lanu lipeze pokwera."
Ndinafuna kuseka. Ng'ombe zonse ndadya ine,
lero imodzi yabwera kudzandigwira dzino.
Anafunditsa kansalu kopyapyala,
anasoka kasanu ndi kawiri.

"Ligwira?" ndinafunsa ndi theka la pakamwa.
"Sindilonjeza. Fupa lili ndi mutu wake.
Tidzajambulanso ikatha miyezi isanu ndi umodzi.
Fodya ayi. Lipenga lidikire masabata asanu ndi limodzi."
Kanivo inali itatsala masabata anayi.
Ndinawerenga kawiri, pa zala, ngati mwana.

Loweruka la kanivo ndinaima m'mbali mwa msewu
pakati pa alendo ndi ogulitsa chimanga chophika.
M'thumba la malaya, mokhala ndudu kale,
munali kamswachi kochepa ngati nthenga ya mpheta.
Ovina a zigoba za ziwanda anadutsa, nyanga zikunyezimira,
kenako ife.
Ndikuti ife, ngakhale ndinali panja.
Pamalo panga, mzere wachiwiri kumanzere,
panali Wilmer, mwana wa mlongo wanga,
jekete langa likumulendewera m'mapewa.

Zala zanga zitatu zinkadina msoko wa buluku.
Pofika pokwera paja, pamene mpweya umathera,
ndinapuma m'malo mwake,
ndinamunyamula ndi chifuwa changa.
Anafika. Mochedwa pang'ono, koma anafika.
Fermín anandiona, anakweza chibonga cha ng'oma.

Ndinafuna kuliza likhweru, ndinakumbukira.
Lilime lokha linapita mwakachetechete
kukayendera pamalopo,
ngati munthu wozonda wodwala amene wagona tulo:
osadzutsa, kungoona ngati akupuma.