Kodi Wanga

Likisho, mwana wa mlongo wanga, anandisiyira webusaiti
asanakwere basi ya ku Kepi.
Mawu achinsinsi analemba kuseri kwa lisiti ya guluu,
nati, "Malume, musamangodinadina.
Izi zimafuna wodziwa kodi."

Kodi?
Ine kodi amene ndimamudziwa ndi mmodzi yekha,
uja wofunsira minibasi pa Bree,
uja wonenerera siponji ku Fordsburg:
kodi ndi zingati, kodi simungachotseko?

Zaka khumi ndi zinayi ndikuveka mipando ku Rosettenville,
m'galaja ya mayi wa Chipwitikizi
amene amandiitana Malawi ngati ndilo dzina langa.
Sofa ndimaisenda ngati mbuzi,
kuona nthiti zake, masipuling'i otopa,
chipeso, makobidi, ndolo yotaya inzake.
Sindinaopepo mpando.
Koma galasi ili linanditulutsa thukuta.

Tsambalo linkanena mitengo ya chaka chatha,
nambala ya foni imene anandilanda ku Hillbrow,
ndi chithunzi cha mpando wa kunja
umene manja anga sanaukhudzepo.

Usiku wa Juni, chisanu chikukwawa pansi pa chitseko,
ndinatsegula laputopu ya pakaunjika.
Kolozera aka ati ndi mbewa.
Ndinaseka ndekha:
kwathu ku Ntcheu mbewa timaikumba,
kuno ndiyo ikundionetsa njira.

Ndinadina.
Dzina la bizinesi linathawira kumanzere.
Ndinadinanso.
Sofa ya Mayi Dlomo inatalika ngati bokosi la maliro.
Zilembo zinasanduka zachikasu pamalo poyera,
zoti angawerenge ndi mfiti yekha.
Kenako magetsi, phethi!
Ndisanasunge kalikonse.

Foni ya Likisho inangolira, kulira.

Safunsa anadya phula.
Mawa lake ndinatulutsa kodi wanga yemwe uja
ndi kuyamba kufunsa batani lililonse:
kodi iwe ntchito yako n'chiyani?
Kodi ndikakukoka upita kuti?
Ena anayankha mwaulemu.
Ena anandidyera mabandulo a sabata yonse.

Tsiku lachisanu ndinaona chinthu.
Ichitu n'chimpando basi!
Matabwa anakhoma kale anthu ena,
misomali yawo ili mkati, sindikuiona, sindikuifuna.
Yanga ndi nsalu.
Kuvula iyi, kuyesa iyo,
kukoka pakona mpaka makwinya athe.
Pali batani loyamba waona usanaonetse anthu,
monga ndimagwirizira ndi mapini ndisanakhome.

Ndipo pali lina, kamuvi kokhota,
lobweza zimene walakwa.
Ndinalidina kakhumi, kungofuna kukhulupirira.
Pa ntchito yanga lumo likadya veleveti, yapita,
umalipira ndi lendi.
Ndinakhala phee, manja pamaondo,
kuwerenga zinthu zimene ndikanabweza
kamuvi aka kakanakhala m'thumba mwanga
chaka chimene ndinawoloka Beitbridge.

Mtundu ndinasankha wofiirira ngati chikopa chakale.
Ndinajambula mipando yanga pakhomo, dzuwa la m'mawa,
ina isanavale, ina itavala.
Pachithunzi chimodzi pakuoneka chala changa chachikulu.
Ndachisiya. Chinagwira nawo ntchito.

Mapu okha andikanika.
Mpaka lero akuti galaja yanga
ili pakati pa madzi a Wemmer Pan,
pamene pamayandama abakha.

Pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono,
ndinalemba mzere umene Likisho sakanaulola:
Timayankhulanso Chichewa.

Lachiwiri masana, mfuti ya mawaya ili m'manja,
foni inanjenjemera pa benchi.
Nambala yachilendo, mawu a mayi,
kumbuyo ana akulongolola, wailesi, mapoto.
Ati ali ku Turffontein, mpando wa malemu amuna awo wang'ambika.
Koma asananene zonsezo anayamba wakhosomola,
nafunsa monga timafunsira kwathu:

"Kodi ndi kwa a Kamtedza kuno?"