Khumi ndi Ziwiri

Gitala ndinaigula pa Limbuli tsiku la msika
kwa mnyamata wa kutsidya, ku Milanje,
amene analumbira kuti sinagwepo pansi.
Mng'alu wakumsana kwake ndinauona nditatsika kale pa Chitakale.

Nyimbo ndiye inabwera yokha,
itabisala mu memori khadi ya mlamu wanga Fulaye
pakati pa makwaya ndi ulaliki wa pamaliro.
Yopanda mawu. Munthu mmodzi, nsambo zisanu ndi imodzi,
koma phokoso ngati anthu atatu akulimbirana mjigo.
Fulaye akuti ndi fulamenko, ya ku Sipeini, yamakono,
ati eni ake amaweta zikhadabo ngati nkhunda.

Ine wothyola tiyi ndiwete zikhadabo?
Masamba awiri ndi kansonga,
masamba awiri ndi kansonga,
kuyambira mame mpaka pasikelo.
Zala zinada kalekale, zinang'ambika m'mbali,
chikhadabo chikati chimere, tiyi wachidya.
Cha mkombaphala ndachimata ndi supagulu katatu,
kachinayi ndinachita kudula botolo la mafuta ophikira.
Kapitawo Namalawa anandigwira dzanja pamzere:
"Mwayamba za saluni, achimwene?"

Komatu zala si mlandu waukulu.
Mlandu ndi kuwerenga.
Za kukwaya kwathu zimayenda zinayizinayi ngati mbuzi.
Iyi ikufuna khumi ndi ziwiri,
ndipo imaponda pomwe sukuyembekeza:
filii, sikisi, eyiti, teni, thwelofu,
kutsimphina mwadala
ngati kabaza yopindika limu ikutsika ku Likhubula.
Ndimabweza masekondi asanu ndi atatu omwewo,
kubweza, kubweza, mpaka batire kuti zii,
m'mawa kukatchajitsa kwa Sapuwa pangongole.

Juni. Chiperoni chatsika, phiri lasowa.
Thabwa lamwa chinyezi, nsambo zalefuka,
gitala ikulira ngati yagwidwa chimfine.
Pali pena pamene zala zinayi zimawazika motsatana,
kakang'ono patsogolo,
monga ukutumula madzi utasamba m'manja.
Mwini nyimbo akatero, mvula yamatalala.
Ine ndikatero, thumba la mabawuti lagwa m'lole.

Edesi sanakalipe. Anangoti,
"Pakhonde pali malo. Mwana ali ndi mayeso mawa."

Pakhondepo ndi pomwe anandipeza a Khoromana,
mlonda wa kufakitale, chikhothi mpaka m'mawondo,
tochi m'khwapa, akudikira ola lawo.
Anaima kuseri kwa mpanda osalankhula,
kenaka: "Iwe, ukuwerengeranji ngati ukubweza ngongole?
Tayatsa ndimve mwini wake."

Ndinayatsa. Anapendeketsa khutu lomwe limamva.
Manja aja anaswapo ng'oma za tchopa
ine ndisanabadwe.
Anaomba, anaphonya.
Anaombanso, anaphonya, natukwana m'Chilomwe.
Kachitatu phazi linayamba lokha m'matope,
phewa n'kutsatira,
manja n'kugwera pomwepo penipeni: pha, pha, pha-pha-pha!

"Si yathu iyi," anatero, "koma ndi ya anthu ovina.
Siya manambala. Kwera pamanja pangapa."

Ndinakwera.
Masekondi asanu ndi atatu aja ndinawawoloka
ngati Ruo m'chilimwe, madzi m'maondo,
ndinafika kumene sindinapondepo,
chala chachikulu chikuguguda pansi,
zinazo zikuthamanga zosandifunsa,
mpaka chikhadabo cha botolo chija chinati thu!
n'kukagwera m'ndowa ya Edesi.

A Khoromana anayang'ana kumwamba kopanda nyenyezi,
nati achedwa, napita.

Nyimbo yonse ndi mphindi zinayi ndi theka.
Ine ndili ndi masekondi makumi awiri ndi imodzi,
ndawawerenga pafoni kawiri.

Lero m'munda, dengu kumsana,
ndinadzigwira ndikuthyola mwachilendo:
apa kudumpha, apa kutsina, apa kudikira.
Pasikelo anandiuza kuti ndaperewera makilo awiri.
Namalawa anandiyang'ana zala.
Ndinazibisa m'thumba, zikuwerengabe.